Gasi, firiji ndi batire m'galimoto yakale yogonamo: tiyambire pati?

M'misewu ya m'chigawo chino cha Africa mukuyendabe magalimoto akale omwe anapangidwa kuti munthu azigonamo ndi kuphikiramo ali paulendo. Ena ndi a mtundu wa Volkswagen Microbus, omwe ankapangidwa mpaka m'chaka cha 2002 ku Uitenhage, tauni ya ku South Africa yomwe tsopano ikutchedwa Kariega. Ena ndi a Toyota HiAce ndi Coaster omwe anayamba agwira ntchito ku Japan asanatsitsidwe pa madoko a Durban ndi Dar es Salaam. Eni ake oyamba anali anthu okonda kukaona nyanja ndi nyama zakutchire. Lero ena mwa magalimotowa ali m'manja mwa mabungwe ang'onoang'ono ndi magulu a alimi, chifukwa mtengo wake ndi wofikirika ndipo amapulumutsa ndalama za malo ogona. Mlangizi amatha kukhala sabata yathunthu kumudzi komwe kulibe nyumba ya alendo ngakhale magetsi, ali ndi pogona, pophikira komanso posungira katemera wa nkhuku.

Chovuta n'chakuti zipangizo za m'kati mwa magalimotowa zinakalamba limodzi ndi injini. Mapaipi a gasi anauma n'kuyamba kung'aluka, firiji imaziziritsa m'mawa mokha, ndipo batire limatha usiku usanafike pakati. Komiti ikapeza ndalama zokonzera, maso a aliyense amathamangira ku firiji yatsopano poti ndiyo imaoneka. Pakapita milungu iwiri mumangomva kuti firiji ija yamaliza batire, galimoto yakana kulira kutali ndi msewu, ndipo katemera yense watayidwa. Alimi omwe anasonkha ndalama za katemerayo amatsala akudikira pamene chitopa chikulowa m'makola awo.

Gasi, firiji ndi batire ndi zinthu zolumikizana, moti mukasintha chimodzi mwakhudzanso zinazo. Mtundu wa firiji ndiwo umalamula kukula kwa batire, kukula kwa batire kumalamula njira yotchajira, ndipo zonsezi zimakhala m'kachipinda kamodzi ndi gasi yemwe amabuka moto waya akangothetheka. Choncho ntchito yokonzanso galimoto yotere ili ndi ndondomeko yake. Timayamba ndi kuteteza moyo, kenako timawerengera magetsi omwe tikufuna pa tsiku, ndipo kugula kumabwera pamapeto.

Idziweni galimoto yanu

Musanamasule chilichonse, pitani nayo kwa makaniko kuti aone injini, mabuleki ndi dzimbiri la pansi. Sichanzeru kuika zipangizo zodula m'galimoto yomwe yatsala miyezi yowerengeka kuti ikakhale pamiyala. Onaninso chikalata chake kuti mudziwe katundu yemwe imaloledwa kunyamula, pakuti mabatire, madzi, silinda ya gasi ndi anthu zikaphatikizidwa zimalemera kuposa momwe ambiri amaganizira.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimasokoneza ambiri pa magalimoto ochokera ku Japan. Choyamba, magetsi a m'nyumba a kumeneko ndi a mavolti 100, pamene kuno timagwiritsa ntchito mavolti 220 mpaka 240. Tchaja kapena soketi yomwe inabwera ndi galimotoyo ikalumikizidwa ku magetsi athu ikhoza kupsa nthawi yomweyo. Chachiwiri, mabasi ambiri a dizilo monga Coaster amayendera mavolti 24, pomwe magalimoto ang'onoang'ono amayendera mavolti 12. Mfundo imeneyi muidziwe musanagule firiji, nyali kapena tchaja.

Gasi: apa ndi pomwe pali moyo wa munthu

Gasi wophikira yemwe timagula m'masilinda ndi wosakaniza propane ndi butane. M'silinda amakhala ngati madzi chifukwa chopanikizidwa, ndipo lita imodzi ya madziwo ikatuluka imasanduka mpweya wokwana malita oposa 250. Ichi n'chifukwa chake silinda imadzazidwa magawo 80 okha pa 100 alionse, kuti gasi akhale ndi malo ofufumira kukatentha. Silinda iyeneranso kuima chilili nthawi zonse. Ikagonekedwa, m'malo mwa mpweya mumatuluka madzi aja, ndipo moto wake palibe angaulamulire.

Khalidwe loopsa la gasiyu ndi lakuti amalemera kuposa mpweya womwe timapuma. Akatuluka pa paipi yong'aluka sauluka ngati utsi. Amatsikira pansi n'kudikha m'makona a galimoto monga madzi adikhira m'chithaphwi, ndipo pansi pomwepo ndi pomwe pamakhala batire, mawaya ndi munthu wogona. Gasi akangofika magawo awiri pa 100 alionse a mpweya wa m'galimoto, kuyatsa nyali kokha n'kokwanira kuyambitsa moto. Fungo lomwe timamva lija ndi mankhwala omwe amathiramo dala kuti tichenjere, koma munthu ali m'tulo samva fungo msanga.

Pa chifukwa chimenechi silinda iyenera kukhala m'bokosi lakelake lomata bwino mbali ya m'kati mwa galimoto, lokhala ndi chibowo pansi chotulukira kunja. Chibowocho chisatsekedwe ndi nsanza ngakhale fumbi litavuta bwanji. Silinda imangidwe ndi lamba kuti isagubuduke m'mabampu, ndipo m'bokosimo musadutse waya wamagetsi kapena kukhala batire. Paipi ya labala imakhala ndi chaka chomwe inapangidwa cholembedwa pakhungu pake. Ngati yapitirira zaka zisanu, kapena ikuonetsa ming'alu mukaipinda, ichotseni. Regulator, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya gasi kaja, isinthidwe ikakwana zaka khumi. Paipi yothirira m'dimba kapena ya petulo isalowe m'malo mwa paipi ya gasi.

Mphamvu ya regulator igwirizane ndi zipangizo zanu. Ku South Africa mbaula zambiri za m'nyumba zimayendera 2.8 kPa, pamene magalimoto ena akale a ku Ulaya anapangidwira mphamvu yosiyana ndi imeneyi. Nambala yoyenera imalembedwa pa kachitsulo kumbuyo kwa mbaula kapena firiji. Milomo ya masilinda imasiyananso malinga ndi dziko, ndipo yambiri imamangidwa mozungulira kumanzere. Ngati sizikulowana, musakakamize ndi sipanala kapena kukulunga mapulasitiki. Mukamaliza kumanga, pakani thovu la sopo polumikizira paliponse. Thovu likamatukusira ndiye kuti gasi akutuluka. Machesi si choyesera.

Palinso mpweya wina woipa wotchedwa carbon monoxide, womwe umatuluka moto ukamayaka mopanda mpweya wokwanira. Ndi mpweya womwewu umene umapha mabanja ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka m'nyengo yozizira. Ulibe fungo kapena mtundu. Lawi la gasi labwino limakhala lobiriwira ngati thambo. Likayamba kuoneka lachikasu n'kumadetsa miphika, zimitsani ndipo mbaulayo itsukidwe. Musawothe mbaula ya gasi m'galimoto usiku, ndipo pophika tsekulani zenera. Gulani alamu yochenjeza za mpweya woipawu, ina yochenjeza za gasi yomwe imaikidwa pafupi ndi pansi, komanso chozimitsira moto cha ufa chomwe chizikhala pafupi ndi chitseko.

Ntchito yomanga mapaipi a gasi ndi ya munthu yemwe anaiphunzira. Ku South Africa lamulo limafuna kuti igwiridwe ndi mmisiri wolembetsedwa ku SAQCC Gas ndipo apereke satifiketi akamaliza. Ku Malawi malonda a gasi amayang'aniridwa ndi MERA, ku Zambia ndi ERB, ku Zimbabwe ndi ZERA. Gulani gasi kwa ogulitsa ovomerezeka ndi mabungwewa, ndipo afunseni za mmisiri yemwe amamudalira. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Firiji: mitundu iwiri, makhalidwe awiri

Magalimoto ambiri akale anabwera ndi firiji yopanda injini, yomwe imaziziritsa pogwiritsa ntchito kutentha. Luso limeneli anatulukira ophunzira awiri a ku Sweden, Baltzar von Platen ndi Carl Munters, m'chaka cha 1922, ndipo kampani ya Electrolux ndiyo inalifalitsa. M'mapaipi ake mumayenda ammonia, madzi ndi mpweya wa hydrogen. Kalawi kakang'ono kamawiritsa ammonia, yemwe akazungulira amakoka kutentha m'kati mwa firiji. Amene anagwirapo ntchito m'zipatala zakumidzi akukumbukira mafiriji a parafini aja. Kagwiridwe kake ka ntchito n'komweko.

Firiji yotere imatha kuyendera gasi, magetsi a m'nyumba kapena batire. Pa gasi imasunga ndalama, chifukwa yaing'ono ya malita pafupifupi 60 imadya magalamu 250 mpaka 300 pa tsiku, kutanthauza kuti silinda ya makilogalamu 9 ingathe mwezi wathunthu. Pa batire ndi nkhani ina. Imakoka ma-amp pafupifupi 8 mosalekeza, moti batire wamba limafooka m'maola asanu ndi limodzi. Anaipanga kuti iziyendera batire pokhapokha injini ikulira. Madandaulo ambiri akuti firiji yapha batire amachokera pa kuiwala kuisintha galimoto itaima.

Ili ndi zofooka zina ziwiri. Imafuna kuima mowongoka, ndipo ikagwira ntchito nthawi yaitali galimoto itapendekeka, mapaipi ake amatsekeka osatsekukanso. Komanso mafiriji ambiri akale a mtunduwu amangotha kutsitsa kutentha ndi madigiri pafupifupi 25 poyerekeza ndi mpweya wowazungulira. Ku Dedza kapena ku Mbala mu July zimenezi sizivuta. Ku Nsanje, ku Tete ndi m'chigwa cha Luangwa mu October, komwe kutentha kumapitirira madigiri 40, m'kati mwa firiji mumafika madigiri 15, ndipo pamenepo mkaka umasasa, katemera amaonongeka.

Ngati galimoto yanu imakhala malo amodzi milungu ingapo kudera kozizirirapo, firiji yakaleyi ingakutumikirenibe. Tsukani kamlomo kotulutsa gasi ndi chumuni chake, onetsetsani kuti utsi wake ukutulukira kunja, tsekulani mazenera ake a pansi ndi a pamwamba, ndipo ikani kafani kakang'ono kumbuyo kuti kazikankha mpweya wotentha. Poimika galimoto, ikani mbale ya madzi pansi kuti muone ngati yapendekeka. Mukamva fungo lotsamwitsa la ammonia kapena kuona ufa wachikasu kumbuyo, firijiyo yaboola ndipo yatha ntchito. Musaiyatse pa gasi galimoto ikuyenda, ndipo silinda itsekedwe musanalowe pothirira mafuta.

Mtundu wachiwiri ndi firiji ya kompresa, yofanana ndi ya m'nyumba koma yopangidwira mavolti 12 kapena 24. Mayina odziwika m'chigawo chino ndi monga Engel, Dometic ndi National Luna ya ku South Africa. Imeneyi imagwira ntchito ngakhale galimoto itapendekeka, ilibe lawi, ndipo imafika madigiri 4 ngakhale kunja kukuotcha. Ikamalira imakoka ma-amp atatu mpaka asanu, koma imalira n'kumapumira. Kwa wogwira ntchito kumadera otentha, kapena woyenda mudzi ndi mudzi tsiku lililonse, iyi ndiyo yoyenera. Yotsekulira pamwamba imasunga kuzizira kuposa yachitseko cham'mbali, pakuti mpweya wozizira umalemera ndipo umakhuthukira pansi chitseko chikatsekulidwa.

Kusankha firiji ya kompresa kuli ndi phindu lina lomwe ambiri saliona. Gasi amatsala ndi ntchito yophikira yokha, ndipo mungathe kuchotseratu mapaipi onse akale m'galimoto n'kumaphikira panja ndi silinda yaing'ono. Mukatero mwachotsa ngozi yaikulu popanda kulipira zambiri. Mtengo wake ndi wakuti katundu yense wagwera pa batire, ndiye apa m'pofunika pensulo ndi pepala.

Werengerani musanagule

Pa batire lililonse pamalembedwa nambala yotsatiridwa ndi zilembo za Ah. Nambalayi ili ngati kukula kwa thanki ya madzi. Chipangizo chokoka amp imodzi kwa ola limodzi chimatunga 1 Ah m'thankimo. Lembani chipangizo chilichonse, ma-amp omwe chimakoka ndi maola omwe chimagwira ntchito pa tsiku, kenako chulukitsani.

Tiyeni titenge chitsanzo cha mlangizi wa ziweto m'nyengo yotentha. Firiji ya malita 40 yokoka ma-amp anayi, yolira maola khumi pa tsiku, imadya 40 Ah. Nyali zinayi za LED zoyaka maola anayi zimadya 4 Ah. Kutchaja mafoni asanu ndi atatu kungadye 10 Ah, ndipo laputopu yolembera malipoti 6 Ah. Zonse pamodzi ndi 60 Ah pa tsiku. Nambala yanu idzasiyana ndi iyi, koma popanda nambala yotere wogulitsa ndiye adzakusankhirani, ndipo iye amagulitsa chomwe chili pa shelefu. Ketulo, ayironi ndi mbaula yamagetsi musaziike n'komwe pa mndandandawu. Ketulo imodzi yolumikizidwa ku inveta imakoka ma-amp oposa 150 ku batire la mavolti 12.

Batire loyenera

Lamulo loyamba ndi lakuti batire loliza injini likhale la injini yokha. Linapangidwa kuti lizitulutsa mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa, ndipo likamakhuthulidwa usiku uliwonse limafa m'miyezi yochepa. Firiji ndi nyali zikhale ndi batire lachiwiri, ndipo pakati pa mabatire awiriwa pakhale chipangizo chomwe chimawalumikiza injini ikamalira n'kuwalekanitsa ikazima. Mukatero, ngakhale firiji itamaliza batire lake, m'mawa galimoto idzalira.

Batire la asidi, lomwe Gaston Planté wa ku France anatulukira mu 1859, ndi lotchipa ndipo limapezeka m'tauni iliyonse. Funsani lolembedwa kuti deep cycle, lomwe linapangidwira kutulutsa mphamvu pang'onopang'ono. Chofunika kudziwa n'chakuti kuti likhalitse muyenera kugwiritsa ntchito theka lokha la mphamvu yake. La 100 Ah limakupatsani 50 Ah, zomwe sizikwanira ngakhale tsiku limodzi la mlangizi wathu uja. Kuti akhale masiku awiri osatchaja, afunika mabatire okwana 240 Ah, omwe amalemera kuposa thumba la chimanga la makilogalamu 50. Mita yoyezera magetsi ndi yotchipa ndipo imanena zoona: batire lopuma likaonetsa mavolti 12.7 ndi lodzaza, likafika 12.1 latsala theka ndipo liyenera kutchajidwa.

Batire la asidi limadananso ndi kutentha. Moyo wake umafupika ndi theka pa madigiri khumi alionse oonjezera pa 25, choncho lisakhale pafupi ndi injini kapena pomwe pamaomba dzuwa. Likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen womwe umayaka, ndiye bokosi lake likhale ndi potulukira mpweya. Likatha ntchito libwezeni kwa ogulitsa mabatire. Lisaswedwe pakhomo, pakuti mtovu wa m'kati mwake ndi poizoni yemwe amaononga ubongo wa ana.

Batire la lithium la mtundu wa LiFePO4 linachokera ku kafukufuku wa gulu la John Goodenough ku University of Texas m'zaka za m'ma 1990. La 100 Ah limalemera makilogalamu pafupifupi 12, pamene la asidi lofanana nalo limayandikira 30. Mungagwiritse ntchito magawo 80 mpaka 90 pa 100 alionse a mphamvu yake, ndipo limapirira kutchajidwa maulendo oposa 2,000, pomwe la asidi nthawi zambiri limathera m'mazana ochepa. Kwa mlangizi uja, limodzi la 150 Ah lingagwire ntchito ya mabatire a asidi a 240 Ah. Pogula limadula, koma mukagawa mtengowo ndi zaka zomwe limakhala, nthawi zambiri limatchipa. Galimoto ikafa mungalisamutsire m'galimoto ina kapena mu ofesi.

Lili ndi malamulo ake. Lisatchajidwe kukazizira kufika pa ziro, zomwe zimachitika m'bandakucha wa June ndi July pa Nyika, ku Nyanga, ku Lesotho ndi kumapiri a South Africa. Batire labwino limakhala ndi kaubongo kake kotchedwa BMS komwe kamaletsa kutchaja pa nthawi yotere ndi kuliteteza kuti lisadzaze kapena kukhuthuka mopyola. Funsani ngati chitetezo cha kuzizira chilipo, pakuti si onse ali nacho. Tchaja yakale ya m'galimoto inapangidwira asidi ndipo iyenera kusinthidwa. Mita wamba siithandizanso kwenikweni, chifukwa lithium amaonetsa mavolti pafupifupi 13 mpaka atatsala pang'ono kutha, ndiye pamafunika mita yowerengera ma-amp olowa ndi otuluka. Chenjerani ndi mabatire opanda dzina la kampani ndi chikalata cha chitsimikizo, ngakhale bokosi lake litawala bwanji. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Njira zodzazira thanki

Batire lalikulu lopanda chotchajira chokwanira lili ngati nkhokwe yaikulu pa munda waung'ono. Njira yoyamba ndi alternator ya injini. Pa batire la asidi, cholumikizira wamba chija n'chokwanira. Pa lithium pamafunika tchaja yotchedwa DC-DC, chifukwa batire lotere likakhala lopanda kanthu limakoka magetsi ambiri mpaka kuotcha alternator yakale. Tchaja ya ma-amp 20 imabwezeretsa 60 Ah m'maola atatu oyenda. Kuliza injini galimoto itaima kuti mutchaje batire n'kuotcha dizilo pachabe.

Njira yachiwiri ndi dzuwa, lomwe chigawo chino chili nalo lochuluka. Panelo ya sola ya mawati 100 imapereka pafupifupi 30 Ah pa tsiku lowala bwino, choncho mlangizi wathu afunika mawati 200. M'miyezi ya mvula ya January ndi February, ndiponso m'masiku a chiperoni ku Thyolo ndi Mulanje, zokolola za dzuwa zimatsika kwambiri, ndipo n'chifukwa chake tinawerengera batire la masiku awiri. Panelo yomangirira padenga imakakamiza kuimika galimoto padzuwa, zomwe zimalemetsa firiji. Yonyamula, yokhala ndi waya wautali, imalola galimoto kukhala pansi pa mtengo wa mango panelo ili poyera, ngakhale imafuna mlonda. Pakati pa panelo ndi batire pakhale chowongolera, ndipo cha mtundu wa MPPT chimakolola zambiri kuposa cha PWM. Pukutani fumbi m'mawa uliwonse.

Njira yachitatu ndi magetsi a m'nyumba mukafika pa boma. Ndi yothandiza, koma musamange dongosolo lanu lonse pa iyo. M'chaka cha 2024 chilala chitachepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, madera ambiri a Zambia ankakhala opanda magetsi kwa maola ochuluka pa tsiku, ndipo amene ankadalira soketi yokha anasowa pogwira.

Mawaya nawo asaiwalike. Batire la mavolti 12 siligwira munthu ngati magetsi a m'nyumba, koma waya wake akakhudza chitsulo cha galimoto amafiira m'masekondi ochepa. Ikani fyuzi pa waya aliyense wochoka ku mutu wofiira wa batire, pa mtunda wosapitirira masentimita 20. Fyuzi ikapsa, funani chomwe chaipsereza. Kumangapo kawaya kapena pepala lonyezimira la ndudu n'kuitana moto. Firiji yomwe ili mamita anayi kapena asanu kuchokera ku batire ifunika waya wa 6 mm², chifukwa waya wowonda amataya mphamvu m'njira ndipo firiji imazima batire likadali ndi moto. Paliponse pomwe waya akudutsa pa chitsulo pavekedwe labala.

Mawu kwa onyamula katemera

Katemera wambiri amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Katemera wa chitopa wa I-2, yemwe anachokera ku kafukufuku wa ku University of Queensland ku Australia, amapirira kutentha kuposa ena, koma nayenso amafuna firiji kufikira tsiku lopita naye kumakola. Manambala a pa chitseko cha firiji asakukhutiritseni. Ikani choyezera kutentha m'kati, pakati pa mabotolo, ndipo lembani m'kabuku zomwe chikuonetsa m'mawa ndi madzulo. Mabotolo a madzi odzaza mipata yotsala amathandiza kusunga kuzizira batire likafooka. Katemera asakhudze khoma lozizira la firiji, ndipo asasungidwe pamodzi ndi nyama kapena nsomba.

Katemera wa anthu ali ndi malamulo okhwima kuposa apa. Wina, monga wa kafumbata ndi wa hepatitis B, amaonongeka akaundana ngakhale kamodzi, ndipo firiji ya paulendo imaundanitsa mosavuta. Bungwe la WHO lili ndi mndandanda wa zipangizo zomwe linayesa ndi kuvomereza, ndipo kuyambira mu 2015 bungwe la Gavi lakhala likuthandiza mayiko kuchotsa mafiriji akale a gasi ndi parafini m'zipatala n'kuikamo a sola. Ngati galimoto yanu ikuthandiza pa chipatala choyendayenda, katemera akhale m'mabokosi ovomerezeka omwe a zaumoyo amapereka, motsogozedwa ndi wazaumoyo yemwe ali paulendowo.

Ndalama zikachepa

Ndi magulu ochepa omwe angakwanitse zonsezi nthawi imodzi, ndipo palibe chifukwa chodikira kuti ndalama zonse zikwane. Mwezi woyamba sinthani paipi ndi regulator, konzani bokosi la silinda, gulani alamu ndi chozimitsira moto. Izi ndi zotchipa kuposa zina zonse, komanso ndizo zimateteza munthu wogona m'galimotomo. Gawo lachiwiri likhale la mafyuzi, mawaya ndi batire lachiwiri la asidi lokhala ndi cholekanitsira. Kenako yendani mwezi umodzi mukulemba magetsi omwe mukugwiritsa ntchito. Kabuku kameneko ndiko kadzakuuzani ngati firiji yakale ikukwanira kapena pakufunika ya kompresa, ndiponso kukula kwa panelo yoti mugule nayo. Lithium abwere pomaliza, batire la asidi likadzatha, mutadziwa kale nambala yanu.

Komiti isankhe munthu mmodzi woyang'anira zipangizozi, ndipo mmisiri ajambule papepala momwe mawaya ndi mapaipi akuyendera. Pepalalo limatidwe kuseri kwa chitseko cha kabati, pamodzi ndi masiku omwe paipi, regulator ndi batire zinaikidwa, kuti dalaivala kapena mlangizi watsopano asayambe ndi kulota. Pa ndalama za katemera kapena za maulendo muzipatulako kangachepe mwezi uliwonse kogulira batire lina, chifukwa tsiku lake lidzafika ndithu. Ndipo madzulo alionse, musanayale bulangeti, wina atuluke akatseke silinda.